Mmene kompyuta inalowera m'ntchito yojambula mapulani a nyumba

Mpaka cha m'ma 1970, pulani ya nyumba inkajambulidwa pamanja. Wojambula ankakhalira kuwerama pa thabwa lopendekeka, pensulo ndi rula zili m'manja, kenako n'kudutsitsa inki pa pepala lopyapyala loonekera kuseri. Mzere ukalakwika ankaupala ndi lezala mosamala kuti pepala lisabooke. Chotopetsa kwambiri chinali kusintha. Mwini nyumba akangoti chitseko chisunthe, pankafunika kukonza pepala lililonse pamene chitsekocho chikuoneka, ndipo limodzi likaiwalika, amisiri ankatulukira cholakwacho khoma litakwera kale.

Njira ina inaoneka mu 1963, pamene Ivan Sutherland, wophunzira wa pa MIT ku America, anaonetsa pulogalamu yotchedwa Sketchpad. Ankajambula pa galasi la kompyuta ya TX-2 ndi cholembera chapadera, ndipo akasintha chithunzi choyambirira, zonse zokopedwa kwa icho zinkasinthira limodzi. Koma kompyuta za nthawiyo zinkadzaza chipinda, ndipo amene ankazikwanitsa anali makampani opanga ndege ndi magalimoto.

Zinthu zinatembenuka mu December 1982, pamene kampani ya Autodesk, imene John Walker anayambitsa ndi anzake, inatulutsa AutoCAD. Pulogalamuyi inkayenda pa kompyuta yaing'ono ya patebulo, choncho ngakhale ofesi ya anthu atatu inkatha kuigula. Kukopera, kufufuta ndi kuyeza zinapepuka. Komabe AutoCAD yoyambayo inali thabwa lomwe lija, longosamukira pagalasi. Kompyuta inkaona mizere iwiri yoyandikana, osadziwa kuti ndi khoma.

Kusintha kwenikweni kunali kuphunzitsa kompyuta kuti khoma n'chiyani. Kampani ya Graphisoft ya ku Budapest, imene Gábor Bojár anayambitsa mu 1982, inatsogola ndi ArchiCAD. Pulogalamu ina yotere, Revit, inatuluka mu 2000, ndipo Autodesk inaigula mu 2002 pa mtengo wa madola 133 miliyoni. M'mapulogalamuwa munthu sajambula mizere, amamanga nyumba yonse mkati mwa kompyuta. Khoma limakhala ndi kutalika kwake, kuchindikala kwake ndi zomangira zake. Zenera likaikidwa limadziboolera lokha malo pakhomapo, ndipo likasunthidwa, mapulani onse ndi mndandanda wa mazenera zimasintha nthawi yomweyo. Njira imeneyi ndi imene akatswiri amaitcha BIM.

Phindu lake limaoneka bwino pa nyumba zikuluzikulu monga zipatala. Wojambula, injiniya wa zipilala, wa magetsi ndi wa mapaipi amaphatikiza ntchito zawo, ndipo pulogalamu imaloza pamene paipi ya madzi ikudutsa pakati pa chipilala. Kukonza zimenezi pakompyuta ndi ntchito ya mphindi zochepa, pomwe pamalo omangira ndiye kuti agumule konkire youma. Wowerengera zipangizo nayenso amapeza msanga kuchuluka kwa konkire, zitsulo ndi malata, ngakhale kuti manambalawo amalondola pokhapokha ngati amene anawalowetsa anali wosamala. Poona phinduli, boma la Britain linalamula kuti kuyambira mu April 2016 ntchito zake zomanga zizitsata BIM.

Kompyuta inatsegulanso njira ya nyumba zimene kale zikanavuta kuzijambula. Frank Gehry anabwereka CATIA, pulogalamu imene kampani ya Dassault ya ku France inapangira ndege, kuti ayeze makoma opindikapindika a Guggenheim Museum ya ku Bilbao, yomwe inatsegulidwa mu 1997.

Si ofesi iliyonse imene inafika pamenepo. Mapulogalamu akuluakuluwa ndi odula, ambiri amalipiridwa chaka ndi chaka, ndipo amafuna kompyuta yamphamvu. N'chifukwa chake ojambula ambiri a nyumba zogona akadali pa AutoCAD pokonza mapulani opita kukhonsolo, ndipo akafuna kuonetsa kasitomala mmene nyumba idzaonekere amatsegula SketchUp, pulogalamu yosavuta kuphunzira imene inatuluka mu 2000.