Chivomerezi cha 1989 ndi makoma a m'mapiri a Dowa

Anzanga ambiri amayesa chivomerezi ndi nkhani ya ku Karonga kokha, poti chomwe timakumbuka ndi cha mu Disembala 2009. Komatu pa 10 Malichi 1989 nthaka inagwedezeka ku Salima, boma lochita malire ndi Dowa komanso Ntchisi. Anthu 9 anafa ndipo pafupifupi 50,000 anasowa pogona. Mapiri athuwa ali m'mphepete mwa Rift Valley, chigwa chomwe chikung'ambikabe pang'onopang'ono mpaka lero.

Chiyambire nthawiyo, anthu achuluka. Dzaleka, yomwe inali ndende ya andale mu ulamuliro wa Kamuzu, inasanduka msasa wa anthu othawa kwawo mu 1994. Malowa anakonzedwera anthu pafupifupi 12,000, koma lero muli oposa 50,000. Malo akachepa m'dera lamapiri, munthu amasema chitunda, n'kumanga khoma la miyala kapena njerwa kuti dothi lisatsikire pa nyumba. Khoma lotere ndi louma gwa. Nthaka ikagwedezeka, dothi lakumbuyo limalikankha, ilo n'kusweka kapena kugwa chafufumimba.

Mbiri ili ndi yankho lina. M'zaka za m'ma 1960, injiniya wa ku France, Henri Vidal, anayambitsa kamangidwe koyala dothi m'magawo, kulitsendera, ndi kuika timalamba tachitsulo pakati pa gawo lililonse. Dothi limagwira timalambato, khoma lonse n'kukhala chinthu chimodzi chotha kuwerama osathyoka. Pambuyo pake ena anayamba kugwiritsa ntchito maukonde apulasitiki. Mayeso aakulu anabwera pa 17 Januwale 1995 ku Kobe, m'dziko la Japan. Makoma ambiri akale a m'mbali mwa njanji anapendekeka kapena kugwa, pomwe khoma la dothi lolimbitsidwa la ku Tanata linangosuntha pang'ono, nyumba zoyandikana nalo zitaphwasuka.

Nzeruyi si yachilendo kwa ife. Mlimi wa ku Ntchisi wodzala vetiva pa mgula amadziwa kuti mizu ndiyo imamanga dothi. Ine ndikuona kuti chosowa ndi kuphunzitsa amisiri a ku Dzaleka ndi midzi yozungulira kamangidwe kameneka, pamodzi ndi kusiya njira yotulukira madzi, poti dothi lonyowa limalemera.

Ana obadwa 1989 itadutsa ndiwo akumanga nyumba lero. Sanamve kugwedezeka kuja, koma mng'alu uli pansipo sunatseke.