Miyendo ndi njinga za ku Mandimba

Njanji yochokera ku Cuamba itafika ku Lichinga mu 1969, nthawiyo tawuniyo ikutchedwa Vila Cabral, inalambalala tawuni ya Mandimba n'kudzera ku Mitande. Ife tinatsala ndi miyendo yathu. Bambo anga, kalaliki wa paboma, ankangowoloka msewu basi afika pantchito. Mayi ankadzuka tambala woyamba, dengu la tomato pamutu, n'kukafika kumsika dzuwa litakwera. Komabe anthu ankati wapantchito ndi bambo.

Nkhondo yapachiweniweni itatha mu 1992, othawa kwawo anabwerera kuchokera ku Malawi, malonda a pachipata cha Chiponde anakula, anyamata n'kuyamba kabaza. Njinga zinali za amuna. Mayi wa geni ankakwera kabaza pokhapokha phindu likalola, ndipo masiku ambiri silinkalola.