Amene Anagwira Ntchito pa Phiri la Everest mu 1953

Lero tiyambe tasiya nkhani za mbewu ndi za misika, tipite ku dziko la Nepal, kumpoto kwa India, kumene kuli phiri lalitali koposa mapiri onse a pa dziko lapansi, dzina lake Everest. Kutalika kwake ndi mafiti 29,032. Mutasanja mapiri atatu onga la Mulanje, lina pamwamba pa linzake, ndiye kuti mwalipitirira pang'ono chabe.

Ana a sukulu amaphunzira kuti oyamba kuponda pansonga pa phirili anali Edmund Hillary wa ku New Zealand ndi Tenzing Norgay wa mtundu wa Asherpa, pa 29 May 1953. Zimenezo nzoona. Koma kumbuyo kwa awiriwo kunali khamu la anthu, aliyense ndi ntchito yake, ndipo ambiri a iwo anadziwiratu kuti pansongapo sadzapaona. Ndiwo amene ndifuna kukuuzani mbiri yawo.

Pamwamba pa phirili nchifukwa ninji pali povuta? Kumazizira kotero kuti madzi amauma ngati mwala, ndipo zala za munthu zimafa. Mpweya nawo ngwochepa: munthu akapuma kamodzi pansongapo amalandira gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a mpweya umene akadalandira m'mbali mwa nyanja yamchere. Mu 1922 amtengatenga 7 anakwiriridwa ndi chigumukire cha chipale. Mu 1924 George Mallory ndi Andrew Irvine anakwera osabweranso, ndipo mtembo wa Mallory unapezeka mu 1999.

Mtsogoleri wa ulendo wa 1953 anali John Hunt, mkulu wa asilikali a ku Britain, wa zaka 42. Akuluakulu a ku London anachotsa Eric Shipton, amene analidziwa bwino phirilo ndiponso anali wokondedwa, nayikapo Hunt chifukwa anali wodziwa kulongosola zinthu. Ena anang'ung'udza, monga mudziwa inu mafumu m'mene zimakhalira pamene mpando wapatsidwa kwa munthu amene mudzi sunamuyembekeze. Ntchito yake inali yowerengeratu zonse asanachoke kwawo: mahema angati, chakudya cha masiku angati, katundu uti adzafike pa msasa uti, tsiku liti.

Kuchokera ku Kathmandu, likulu la Nepal, kunalibe msewu wa galimoto wopita ku phiriko. Tsono mu March katundu yense anasenzedwa pamsana ndi amtengatenga oposa 350, amuna ndi akazi omwe, kukwera zitunda ndi kutsika zigwa kwa milungu iwiri ndi masiku ena, kufikira pa nyumba ya amonke ya Thyangboche. Mayina awo ambiri sanalembedwe m'mabuku.

Pa phiri penipeni katundu anali m'manja mwa Asherpa, anthu obadwira m'mapiri omwewo, ndipo kapitawo wawo anali Tenzing. Munthu ameneyu ali mwana ankaweta ng'ombe za ubweya wautali zotchedwa yak, ndipo mu 1952 anakwera ndi Raymond Lambert wa ku Switzerland kufika pa mafiti oposa 28,000. Udindo wake unali wolemera kawiri, pakuti anali wokwera phiri pamodzi ndi Azungu, komanso mkhalapakati. Tsiku loyamba lomwe ku Kathmandu, Asherpa anagonekedwa m'nyumba yosungiramo magalimoto pamene Azungu anagona m'zipinda, ndipo mitima inawawa. Anayenera kuziziritsa mlanduwo ndi Tenzing, pothandizana ndi Charles Wylie, msilikali amene ankalankhula chinenero cha ku Nepal nayang'anira za malipiro ndi kagawidwe ka akatundu.

Panalinso Griffith Pugh, dokotala wofufuza za thupi la munthu, amene anzake ena ankamuyesa wovutitsa ndi miyeso yake. Koma ine ndiganiza kuti popanda iye ulendowo ukadalephera. Iye anaona kuti m'mwambamo munthu amauma m'thupi osazindikira, ndipo kuti Lambert ndi Tenzing anafooka chaka chapitacho chifukwa analibe chophikira, nasungunula chipale pa kandulo kuti apeze madontho akumwa. Tsono analimbikira kuti pakhale masitovu abwino, kuti aliyense azimwa kwambiri ngakhale alibe ludzu, ndi kuti mpweya wa okosijeni wa m'mabotolo uzituluka wochuluka kuposa kale. Makina a mpweyawo ankawasamala Tom Bourdillon. George Band, wamng'ono mwa Azungu onse, anayang'anira chakudya ndi mawayilesi. Michael Ward anali dokotala wa odwala, ndipo mkulu wa ophika anali Thondup.

Ntchito yosatamandidwa koposa inali yolambula njira. M'munsi mwa phirili muli malo otchedwa Khumbu, pamene madzi oundana amatsetsereka pang'onopang'ono nang'ambika, ndi kusiya maphompho akuya ndi zibuma zazikulu ngati nyumba. Njira yokonzedwa lero mawa inali itagumuka. Michael Westmacott anakhala masabata akuikonzanso, akuyala makwerero achitsulo ndi mitengo pa maphompho kuti osenza katundu awoloke. Chakumtunda, pa khoma lotsetsereka la Lhotse, George Lowe anatha pafupifupi masiku 10 akusema mapondero ndi nkhwangwa, poyamba ali ndi Ang Nyima. Pa 21 May Wilfrid Noyce ndi Annullu anatulukira pa mpata wa South Col, pafupi ndi mafiti 26,000, ndipo m'mawa mwake Asherpa 13 anafikitsapo akatundu. Mmodzi atalefuka panjira, Wylie anasenza yekha mtolo wake.

Hunt anali atagawa kale ntchito yotsiriza pa 7 May: oyamba kuyesa adzakhala Bourdillon ndi Charles Evans, wachiwiri kwa mtsogoleri, achiwiri adzakhala Hillary ndi Tenzing. Iye mwini sanadziyike pa gulu la kunsonga. Anadzipatsa ntchito ya mtengatenga, ndipo pa 26 May iye ndi Da Namgyal anasenza hema, chakudya ndi mpweya kufika pa mafiti 27,350, pamene mphamvu zinawathera.

Tsiku lomwelo Bourdillon ndi Evans anafika pa kansonga ka kum'mwera, patangotsala mafiti ngati 300 kuti afike pamwamba. Palibe munthu anali atafikapo kale. Koma dzuwa linali litapendeka, makina a Evans anali kuvuta, ndipo mpweya sukadakwanira kupita ndi kubwerera. Bourdillon anafunitsitsa kupitirira ngakhale yekha; Evans anamuletsa. Anatsika ali olefuka kotheratu, nafotokozera Hillary ndi Tenzing za njira, ndiponso za mabotolo awiri a mpweya amene anawasiya m'mwambamo.

Pa 28 May Lowe, Alfred Gregory ndi Ang Nyima anatsogola, akusema njira ndi kusenza katundu, kufikira pa mafiti 27,900. Pamenepo anatula mitolo nabwerera, kuti awiriwo asunge mphamvu zawo. Hillary, amene kwawo anali mlimi wa njuchi, anagona ndi Tenzing m'kahema kamodzi pa malo opendekera, akumwa madzi a mandimu otsekemera. M'mawa nsapato za Hillary zinapezeka zitauma gwa, ndipo anazithyathyalitsa pa sitovu. Anamangana chingwe chimodzi, nafika pansonga nthawi ya 11.30 m'mawa. Anakhalapo mphindi 15 zokha. Tenzing anakwirira maswiti m'chipale monga nsembe, ndipo Hillary anasiyapo kamtanda kamene anapatsidwa ndi Hunt.

Mbiriyo inatsika phiri ndi James Morris, mtolankhani wa nyuzipepala ya The Times, amene anailemba m'mawu obisika kuti ena asaibe, napatsa wamthenga wothamanga kupita nayo ku Namche Bazaar kumene kunali wayilesi. Inafalitsidwa ku London pa 2 June, tsiku limene Mfumukazi Elizabeth II analongedwa ufumu. Pa ulendo wonsewo sipanafe munthu ndi mmodzi yemwe.

Mphotho sizinagawidwe mofanana. Hunt ndi Hillary analandira ulemu wotchedwa Sir, Tenzing analandira mendulo ya George Medal, ndipo amtengatenga analandira malipiro awo a tsiku nabwerera ku minda yawo. Anthu a ndale ku Nepal ndi ku India anayambitsa mkangano wakuti anayamba kuponda pansonga ndani. Hunt anayankha kuti anafika pamodzi monga gulu, ndipo mu 1955 Tenzing mwini ananena m'buku la moyo wake kuti Hillary ndiye anali patsogolo pa chingwe.

Njira ya pa Khumbu ikonzedwabe chaka ndi chaka ndi Asherpa, ndipo ndiwo amaidutsa kawirikawiri ndi akatundu a alendo. Pa 18 April 2014 chigumukire chinagwera pomwepo nichipha anthu 16, onse a ku Nepal, ali pa ntchito.