Pasaka wa kutsidya kwa Nayuchi m'zaka za nkhondo

Pasaka amafika ku Machinga ndi ku Balaka mvula ikutsazika, mondokwa wapsa, maungu ali mbwee m'munda, mpunga wa m'madambo a Chilwa ndi Chiuta ukuyamba kuweramitsa ngala. Ndi nyengo yomwe munthu amakhala ndi kanthu konyamula popita kwa abale. Ndipo abale a mabanja ambiri kuno ali kutsidya ku Mozambique: ku Mecanhelas, ku Cuamba, ku Mandimba. Malire omwe Angerezi ndi Apwitikizi adagwirizana mu 1891 adadutsa pakati pa Ayao ndi Alomwe osafunsa kuti malume ake a uje atsala mbali iti.

Mu 1970 ulendowu udapepuka. Boma la Kamuzu Banda lidatsegula njanji yochoka pa Nkaya, kuwoloka Shire pa Liwonde, kukafika pa Nayuchi, pomwe imalumikizana ndi ya ku doko la Nacala. Njanjiyo adaimangira fodya, tiyi, feteleza ndi mafuta, koma anthu wamba adapezerapo mwayi. Banja linkakwera sitima ndi mtolo wa ufa ndi nkhuku yomanga miyendo, kutsika pa Nayuchi, kenaka kuyenda pang'ono kulowa Entre Lagos. Ambiri sankafuna ngakhale sitimayo. Njinga ndi njira za m'dambo zinkakwanira. Asilamu, omwe ndiwo ochuluka m'madera a mafumu Kawinga, Nyambi ndi Chikweo, ankayenda njira zomwezo pa Idi, pa ukwati ndi pa sadaka.

Zinthu zidayamba kusintha nkhondo isanafike n'komwe. Mozambique italandira ufulu pa 25 Juni 1975, boma la Frelimo lidalanda sukulu ndi zipatala za mishoni, ndipo amishonale ambiri adachoka. Khirisimasi idasandulika Tsiku la Banja. Akhristu a kumidzi adatsala m'manja mwa akulu a mpingo ndi akatekisiti, wansembe n'kumaoneka mwa kamodzikamodzi. Mlendo wochokera ku Malawi, wozolowera Njira ya Mtanda ya pa Lachisanu Loyera ndi moto wa usiku wa Loweruka Loyera, ankapeza chikondwerero chochitika motsitsa mawu.

Kenaka idabwera Renamo, gulu la zigawenga zolimbana ndi boma la Frelimo, omwe anthu ankangowatchula kuti Amatsanga. Nkhondo idayamba mu 1977 chapakati pa dzikolo, n'kumakwera kumpoto pang'onopang'ono. Pofika 1984 njanji ya Nacala idaima chifukwa cha kuphulitsidwa, ndipo katundu wa Malawi adayamba kuzungulira pa msewu mpaka ku Durban, ulendo wautali ndi wodula womwe aliyense wogula mafuta ndi feteleza adaumva m'thumba. Mu Sepitembala 1986 pulezidenti wa Mozambique Samora Machel adabwera ku Blantyre limodzi ndi Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe kudzadzudzula Kamuzu kuti akusunga Renamo. Mwezi wotsatira Machel adafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini. Mu 1987 asilikali a Malawi adalowa m'Mozambique kukalondera njanjiyo, ndipo ena mwa iwo sadabwereko amoyo.

Ndani akadanyamula ana kupita kokadya Pasaka m'dziko lotero? Njira za m'dambo zomwe agogo ankazidziwa ndi maso otseka zidadzala mabomba okwirira. Wokumana ndi zigawenga ankasenzetsedwa katundu mpaka kumsasa kwawo, mnyamata n'kupatsidwa mfuti. Wokumana ndi asilikali a boma ankafunsidwa chiphaso choyendera, ndipo akasowa ankatengedwa ngati kazitape. Maliro a mayi ako ankatha kukupeza patatha miyezi, uthenga utabwera ndi munthu wothawa.

Motero ulendo udatembenuka. Omwe tinkawayendera ndiwo adabwera, ndipo sadabwere kudzagona masiku atatu. Kuyambira 1986 anthu adakhamukira kuno mwaunyinji, mpaka Malawi idasunga othawa nkhondo opitirira miliyoni imodzi, dziko lomwe kalembera wa 1987 adapezamo anthu pafupifupi 8 miliyoni. Misasa ikuluikulu inali ku Nsanje, koma m'maboma a m'malire ngati Machinga ambiri adangolowa m'midzi. Amfumu adawaloza pomanga, mlamu adawadulira kachigawo ka munda, nkhuni ndi madzi a pachitsime n'kugawana. UNHCR ndi Red Cross ankagawa ufa, nyemba ndi mafuta ophikira, koma mbale yoyamba ya nsima idachokera m'nkhokwe ya mlimi wosauka. Ine ndimaona kuti mbiri ya dziko lathu siinawathokoze mokwanira anthu amenewa. Ndipo m'tchalitchi, usiku wa Pasaka, nkhani ya Aisraele kuthawa ku Ejipito inkawerengedwa pamaso pa anthu omwe mapazi awo anali asanapole.

Pasaka wa 1992 ndiye adali wolemera koposa. Chilala chidapsereza chimanga m'chigawo chonse cha kummwera, kotero mwini mudzi ndi mlendo adaima pa mzere umodzi wa chimanga chachikasu. M'nyengo ya Lenti yomweyo, pa 8 Malichi, kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi idawerengedwa m'matchalitchi. Idasindikizidwa ku Balaka, kwa ansembe a Montfort, ndipo nyumba yosindikizirayo idatenthedwa pasanapite nthawi. Balaka nthawi imeneyo inali mbali ya boma la Machinga. Idadziimira payokha mu 1998.

Mtendere udasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 ndi pulezidenti Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo Afonso Dhlakama, ataunikiridwa ndi gulu la Sant'Egidio ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira. Anthu adabwerera kwawo zaka zotsatira, ena atasiya ana okwatiwa kuno ndi manda a makolo awo. Mabomba okwirira adatenga nthawi yaitali kuposa anthu: Mozambique idalengeza kuti yamaliza kuwachotsa mu 2015. Lero njanji ija idakonzedwanso, ndipo pa Nkaya ndi pa Liwonde pamadutsa sitima zazitali za malasha ochokera ku Moatize, pomwe mabanja ambiri opita kukadya Pasaka ku Mecanhelas amakwera njinga zamoto za kabaza.