Closed: mawu a pachitseko cha sitolo

Mwana wasukulu wina anandifunsa chifukwa chimene aphunzitsi amamukonzera akawerenga closed ngati "kulozedi". Mawuwa amatanthauza kuti patsekedwa. Mukachedwa kupita kubanki kapena kugolosale madzulo, ndi amene amakulandirani pachitseko. Tsinde lake ndi close, kutseka, mawu amene Angerezi anabwereka ku Chifalansa chakale, chomwenso chinawatenga ku Chilatini.

Povuta ndi pa -ed wakumapetoyo. Lilime lathu linazolowera kumaliza mawu ndi a, e, i, o kapena u, n'chifukwa chake timawonjezera "edi". Mwini chinenero amangogunda d pang'ono: klozd. Mu parked, -ed yemweyo amamveka ngati t. "Id" amamveka tsinde likathera ndi liwu la t kapena d, monga wanted ndi needed.