Tsiku limene boma linadziwa kuti agogo anabadwa

Mu 2017, pa kalembera wa zitupa za unzika, ndinaperekeza agogo anga aakazi kukalembetsa. Mnyamata wa pa kompyuta atawafunsa tsiku lobadwa, iwo anangoti, "Mwanawe, njala ya 49 inandipeza ndikugweluka mano." Mnyamatayo anawerengera pa zala n'kulemba 1942. Tsiku ndi mwezi anachita kungosankha. Tinaseka tonse, koma pobwerera kunyumba funso linandikakamira: zinatheka bwanji munthu kufika pokhala ndi zidzukulu popanda buku lililonse la boma lonena kuti anabadwa?

Yankho lake likuyambira mu 1904, dziko lino likadali British Central Africa, dzina la Nyasaland lisanabwere. Atsamunda anakhazikitsa lamulo lolembetsa kubadwa ndi imfa, koma linkakakamiza azungu, amwenye ndi ena osakhala Aafirika. Mwana wa m'mudzi, ayi. Sikuti boma silinkadziwa kuwerenga anthu akudatu. Pa msonkho linkawerenga bwinobwino, khomo ndi khomo. Kungoti kubadwa kwathu kunalibe nalo ntchito.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ufulu wa 1964 sunasinthe zimenezi. Lamulo lomwelo linapitirira kwa zaka zoposa 100. Ndiye anthu anapeza njira zawo. Mwana woyamba sukulu ankamuuza kuti adutsitse dzanja pamutu n'kugwira khutu, akaligwira, wakula. Ena ankadalira mabuku a ubatizo ku mishoni. Ngakhale Kamuzu amene, boma linkakondwerera kuti anabadwa pa 14 May 1906, pomwe olemba mbiri ambiri amati chinali cha m'ma 1898.

Maukwati nawonso anali ogawikana: lamulo la 1902 la ukwati wachizungu, lina la Aafirika okwatitsa kutchalitchi, lina la amwenye. Ukwati wa kumudzi umboni wake unali ankhoswe. Banja likatha, ndi iwowo amene ankadziwa mmene lathera. Zinkayenda, inde, bola ankhoswewo akhale moyo ndipo akhale oona. Nanga mwamuna akamwalira, abale ake n'kunena kuti mayiyu sanali mkazi wake, pepala analitenga kuti? Amasiye ambiri analandidwa katundu chonchi.

Zinthu zinatembenuka posachedwapa. Lamulo la National Registration Act la 2010, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2015, linalamula kuti kubadwa ndi imfa ya aliyense zizilembedwa kudzera ku NRB. Chaka chomwecho cha 2015 kunabwera lamulo latsopano la maukwati, lomwe linaika mitundu yonse ya ukwati pansi pa denga limodzi n'kunena kuti zaka zokwatira ndi 18. Apa ndiye muone kulumikizana kwake: 18 ameneyo mungamutsimikize bwanji kwa mtsikana amene kubadwa kwake sikunalembedwe? Kalembera wa 2017 uja analemba anthu oposa 9 miliyoni, ambiri mwa iwo umboni wawo uli amfumu ndi anansi.

Agogo chitupa chawo amachisunga m'kachitini, pamodzi ndi khadi lakale la chipani. Amuna awo anamwalira kalekale, kalemberayu asanaganiziridwe n'komwe. Ndinafufuza m'chikwama chawo chonse: palibe pepala la kubadwa, la ukwati, kapena la imfa. Ndinangopezamo malisiti atatu a msonkho, opindidwa bwino.