Chindapusa cha pamsewu: kodi bwana ndi dalaivala azilipira mofanana?

Abale amalonda ndi madalaivala a mathiraki, wina akadulidwa tikiti pa N1 polowa mu Cape Town, dandaulo limakhala limodzi. Ndalama yomwe mwini kampani saimva n'komwe, kwa dalaivala ndi lendi ya mwezi. Nkhaniyi ndi yakale.

Dziko la Finland linayamba mu 1921 kulipiritsa munthu molingana ndi zomwe amapeza. Kukula kwa mlandu kumapereka chiwerengero cha masiku, ndipo malipiro a wolakwayo amapereka mtengo wa tsiku limodzi. Sweden inatengera njirayi mu 1931, West Germany mu 1975. Mu 2002, Anssi Vanjoki, mkulu wina wa kampani ya Nokia, anagamulidwa kulipira mayuro 116,000 chifukwa chothamangitsa njinga yamoto pa liwiro la 75 pamsewu wa 50 ku Helsinki. Khoti linadzatsitsa ndalamayo ataonetsa kuti zomwe amapeza zinali zitachepa.

Ku England anayesa mu 1992, koma mu 1993 anazithetsa. Anthu omwe sankalemba fomu yonena malipiro awo ankagamulidwa ngati olemera, ndipo zindapusa zina pa milandu yaing'ono zinafika posamveka.

South Africa inasankha mtengo umodzi kwa onse. Lamulo la AARTO la 1998, lomwe linayamba kuyesedwa ku Tshwane ndi Johannesburg mu 2008, limadula theka la chindapusa mukalipira pasanathe masiku 32. Amene amapindula ndi yemwe ali ndi ndalama m'thumba kale. Cape Town kwa zaka zambiri yayendetsa matikiti pa lamulo la Criminal Procedure Act la 1977, ndipo inalimbikira kulanda magalimoto. Mu Ogasiti 2023 bungwe la eni matekisi la SANTACO linanyanyala ntchito kwa sabata yathunthu pokana kulandako, ndipo anthu asanu anafa. Galimoto ikalandidwa, wovutika kwambiri ndi yemwe amadyera galimoto imodziyo.

Komabe tisafulumire kusirira Finland. Kumeneko apolisi amaona malipiro a munthu m'kaundula wa misonkho. Nanga wogulitsa nsomba zouma ndi zitenje, yemwe mwezi uno wapata, wamawa wagona ndi njala, angamuyeze ndi chiyani? Zomwe zinachitika ku England zikanagwera ifeyo poyamba, popeza ambiri tilibe pepala loonetsa malipiro.

Mwayi womwe ulipo ndi uwu. Lamulo la 1977 limalola woimira boma pa milandu kutsitsa chindapusa ngati pali chifukwa chomveka. Lembani kalata yodandaula tsiku la kukhoti lisanafike, muikepo pepala la malipiro kapena malisiti a katundu. Musataye tikiti n'kumati mwawoloka Beitbridge basi zatha. Mukajomba kukhoti, amatha kutulutsa chikalata chokumangani, ndipo chidzakudikirani pa lodibuloko ulendo wotsatira, katundu wa eni ake ali pathiraki.